KHOFI WA PAKHOMO: ZIMENE ANTHU A KU CHANYANYA AYENERA KUDZIWA ASANABZALE

Munthu wocoka ku Kafue kunka ku Mazabuka amaoloka mtsinje pamlatho nakwera mapiri a Munali, ndipo akatsikira mbali ina amalowa m'dziko la mafamu akuluakulu. Imodzi mwa mafamuwo ndi Mubuyu, kumene kucokera khofi wogulitsidwa m'masitolo ndi dzina la Munali. Cifukwa cace anthu ena a ku Chanyanya amafunsa kuti, ngati khofi abala tsidya lija la mtsinje, angalephere bwanji pakhomo pao, pamene madzi a Kafue ali pafupi caka conse?

Yankho lace ndi lakuti khofi angathe kumera ku Chanyanya, koma kumeneko si kwao. Mlimi amene amsamala monga asamalira mwana wamasiye adzamwa khofi wa pakhomo pace. Koma amene amponya m'munda monga cimanga, nayembekeza mvula, adzataya mbande, manyowa ndi zaka zitatu za thukuta.

Kwao kwa khofi

Khofi wa mtundu wa Arabica, amene alimidwa m'Zambia muno ndi ku Malawi, anacokera m'nkhalango za m'mapiri a Ethiopia. Kumeneko amamera pansi pa mitengo yaitali, pamthunzi, panthaka yamasamba obvunda, ndipo makhalidwe amenewo sanawaiwale kufikira lero. Afuna malo ofunda pang'ono, a madigiri 15 kufikira 24. Afuna mvula yosacepera mamilimita 1,200 pa caka, ndi nthaka yakuya, yofiira ngati katondo, imene madzi apitirira osaima.

Ici ndico cifukwa minda yaikulu ya khofi m'dziko lino iri kumpoto, monga ku Kateshi ndi ku Ngoli pafupi ndi Kasama, ndi ku Isanya pafupi ndi Mbala. Kasama ali pamtunda wopitirira mamita 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mvula yace ipitirira mamilimita 1,200. Ngakhale kumeneko eni minda amathirira m'cirimwe.

Tsono Chanyanya ali m'mphepete mwa cigwa ca Kafue, pansi pang'ono pa mamita 1,000. Mvula ya kumeneko iri pafupi ndi mamilimita 800, ndipo yonse igwa pakati pa November ndi March. M'mwezi wa October dzuwa liposa madigiri 30 masiku ambiri, pamene m'June ndi July cisanu cimatsikira m'malo otsika usiku. Nthaka yambiri ya kufupi ndi madzi ndi makande akuda, amene amata khasu m'dzinja ndi kung'ambika ming'alu m'cirimwe. Pa zinthu zonse zimene khofi afuna, cimene Chanyanya ali naco mosakayikitsa ndi madzi a mumtsinje. Zina zonse mlimi ayenera kuzikonza ndi manja ace, ndipo munthu angathe kukonzera mitengo isanu kapena khumi, osati munda wathunthu.

Mtengo umodzi si cinthu conyozeka. M'caka ca 1878 Jonathan Duncan, wosamala munda wa mishoni ya Blantyre, anabwera ndi timitengo titatu ta khofi kucokera ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanapulumuka, ndipo mbeu za kamtengo kameneko zinafalikira m'mapiri a Shire. Pofika 1900 dziko lija linagulitsa kunja khofi wokwana pafupi matani 1,000, ndipo mtengo wa khofi unajambulidwa pa cizindikiro ca boma la nthawi imeneyo. Koma nkhaniyi iri ndi mbali yaciwiri. Patangopita zaka zowerengeka mitengo ya malonda inagwa cifukwa ca kuculuka kwa khofi wa ku Brazil, cilala ndi tizirombo zinaononga minda, ndipo alimi ambiri anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Khofi anakakhazikika bwino m'manja mwa alimi ang'onoang'ono kumapiri ozizira a kumpoto, monga ku Misuku.

Ayambe wawerenga ndowa

Asanafune mbeu, mwini khomo akhale pansi ndi banja lace nawerenge. Mtengo wa khofi wobala, m'miyezi yotentha, ufuna ndowa zitatu za malita 20 pa sabata. Mitengo isanu ndiye kuti ndowa 15, ndiwo malita 300, sabata iri yonse, ndipo kuthirira kuyamba m'April mvula italeka kufikira itabweranso m'November. M'miyezi yozizira madzi acepako, koma saleka.

Nanga mphotho yace? Mtengo wosamalidwa bwino upatsa zipatso zakupsa makilogalamu atatu, kapena kucepera. Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso ndiwo atulutsa kilogalamu imodzi ya njere zouma. Kotero mtengo umodzi upatsa ngati theka la kilogalamu pa caka, ndipo mitengo isanu ipatsa makilogalamu awiri ndi theka. Pokazinga njere zipepukanso, nkutsala makilogalamu awiri, okwanira makapu 200. Ndiye kuti banja lidzamwa, alendo adzamwa, koma ndalama za sukulu sizidzacokera pamenepo.

M'midzi yambiri wotunga madzi ndi mai ndi ana, pamene wobzala mtengo ndi bambo. Si cinthu cabwino kuti bambo abzale mitengo khumi cifukwa ca cikondwerero ca tsiku limodzi, nasenzetse ena ndowa 30 pa sabata kwa zaka zambiri, makamaka kumene madzi atungidwa kudooko kwa ng'ona. Amene ali ndi dimba lothiriridwa ndi mipope, monga ena a m'nchito yothirira imene inayambika ku Chanyanya m'caka ca 2008 mothandizana ndi kampani ya InfraCo Africa, katundu wace ndi wopepukako. Komabe iyenso aganize, pakuti madzi omwewo pa tomato kapena repu abweza ndalama patapita miyezi itatu, pamene khofi alindiritsa zaka zitatu. Wofuna kulima khofi wa malonda ayambe wakaonana ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lace, ndiponso afunse a bungwe la Zambia Coffee Growers Association.

Mbeu ndi nazale

Khofi wa m'paketi ya m'sitolo samera, pakuti anakazingidwa kale. Ngakhale njere zaziwisi zimene zakhalitsa sizimera bwino. Mbeu ya khofi itaya mphamvu msanga, ndipo iyenera kufesedwa miyezi iwiri kapena itatu isanathe cithyoledwere. Mbeu yabwino icokera ku zipatso zofiira bwino za mtengo wamphamvu. Mlimi afinye cipatso, atsuke njere, aziumitse pamthunzi, ndipo asacotse kakhungu kolimba kotuwa kamene kakuta njere iri yonse.

Kwa malo otentha monga Chanyanya mtundu woyenera kuufunafuna ndi Catimor 129, umene ku Malawi auchula Nyika. Mtengo wace ndi waufupi, ubala msanga, ndipo upirira matenda a dzimbiri la masamba koposa mitundu yakale monga SL28. Ena amati kukoma kwace sikufika pa mitundu yakale ija. Kapena ndi zoona, koma mtengo wokoma umene wafa sumwetsa munthu. Mbande za kunja kwa dziko asazilowetse mobisa m'cikwama, pakuti lamulo lifuna cilolezo, ndipo matenda a khofi amayenda m'njira yomweyo. Za mbeu ndi zilolezo mlangizi angathe kufunsa ku Mount Makulu, ku Chilanga.

Pofesa, mlimi adzaze bokosi kapena beseni loboola ndi mcenga wa kumtsinje, aike njere mbali yaphwatalala pansi, nazikwirire ndi mcenga wokwana kunenepa kwa cala. Pamwamba ayale udzu wouma, ndi kuthirira pang'ono tsiku ndi tsiku. Apa pafunika kuleza mtima. Khofi atenga masabata 6 kufikira 8 kuti aturuke, ndipo nyengo yozizira acedwa koposa. Ambiri amataya beseni pa sabata lacinai, namati mbeu inali yakufa.

Kamtengo kamaturuka katasenza njere pamutu ngati msilikali wobvala cisoti. Pambuyo pace katambasula masamba awiri obulungira. Nthawi imeneyo ndiyo yokazula bwinobwino ndi kukaika m'kathumba ka pulasitiki koboola pansi. M'kathumbamo mukhale magawo awiri a dothi la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mcenga, ndi gawo limodzi la manyowa obvunda. Cinthu cacikulu koposa ndi muzu wapakati wopita pansi. Ukapindika poika, mtengo udzaoneka bwino zaka ziwiri, koma pa caka cobala udzafota wosadziwika cifukwa. Mbande zikhale pa nazale ya denga la udzu wapatalipatali kufikira zitakhala ndi masamba awiriawiri kasanu ndi kamodzi, ndiyo miyezi 6 kufikira 9. Mwezi wotsiriza udzu wa padenga ucepetsedwe pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa.

Bvuto la makande

Mabuku a zaulimi amati mlimi akumbe dzenje la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe, nasanganize dothi la pamwamba ndi debe limodzi la manyowa. Malangizo amenewa ndi oona panthaka yofiira kapena yamcenga, monga ipezeka kumtunda poyandikira mseu ndi mapiri. Koma pa makande dzenje lotere lisanduka mtsuko. Madzi a mvula alowa m'dothi lofewa limene mlimi anathiramo, napeza makoma a dongo, naima momwemo. Mizu ya khofi ikakhala m'madzi masiku owerengeka ibvunda. Masamba acita cikasu ndi kulendewera, ndipo mwini poona cotero aganiza kuti mtengo uli ndi ludzu, nauthiriranso.

Kuyesa malo nkosabvuta. Akumbe dzenje lofika m'bondo, alidzaze madzi madzulo. Ngati mawa masana madzi akali momwemo, malowo sayenera khofi wa m'dzenje. Ayenera kukumbukiranso pamene madzi amafika m'February wa caka ca mvula yambiri, osati kuyang'ana m'mene malo aonekera m'September.

Pamalo otere njira ndiyo kukweza mtengo pamwamba pa nthaka. Mlimi aunjike mulu wa dothi labwino, losanganiza ndi mcenga ndi manyowa, wofika m'bondo kapena kuposa, wotambalala mamita awiri, nauchinge ndi njerwa kapena miyala kuti usagumuke. Mbande ibzalidwe pamwamba pa muluwo, mvula itakhazikika m'December, ndipo dothi lifike pomwe linalekeza m'kathumba, osapitirira. Mitengo italikirane mamita awiri.

Ena adzafuna kubzala pa culu, popeza zulu za kucigwa sizimira. Kusamira nkwabwino, koma dothi la culu kawirikawiri liri ndi laimu wambiri, ndipo khofi afuna nthaka yowawasa pang'ono. Pa dothi la laimu masamba anthete ayera, nitsala mitsempha yokha yobiriwira. Pa cifukwa comweco phulusa la m'khicini lisathiridwe patsinde pa khofi, ngakhale lithandiza mbeu zina.

Mthunzi ndi kuphimbira

Ku Chanyanya khofi wopanda mthunzi apserera m'October, ndipo maluwa ace amaturuka ang'onoang'ono, obiriwira, osagwira zipatso. Mthunzi wofunika ndi wamawangamawanga. Pansi pa mango pali mdima woposa, ndipo bulugamu amwa madzi onse. Nthoci zobzalidwa kumadzulo kwa khofi, patali mamita awiri kapena atatu, zichinga dzuwa la masana ndi kupatsa masamba ophimbira. Mtengo woposa yonse ndi msangu, umene uli ndi khalidwe lodabwitsa: uyoyola masamba m'dzinja pamene khofi afuna kuwala, nubvala masamba m'cirimwe pamene afuna mthunzi. Amene ali ndi msangu pakhomo, pamalo osaima madzi, wapeza kale malo a khofi wace. Mthunzi womwewo ucepetsanso cisanu ca m'July. Mbande zazing'ono zimangiridwe kampanda ka udzu m'miyezi imeneyo.

Pansi pa mtengo payalidwe udzu wouma, masamba a nthoci kapena mapesi, mocindikala ngati cikhato, koma osakhudza tsinde, kuopa ciswe ndi kubvunda. Anthu a kudooko ali ndi manyowa amene a kumtunda alibe. Mamba ndi matumbo a nsomba, akakwiriridwa m'dzenje la manyowa pamodzi ndi zinyalala kufikira atabvundiratu, ndi cakudya cabwino ca mtengo. Aawisi aitana agalu ndi nchenche, natenthanso mizu. Namasupuni amene atseka njira za mabwato angathe kubvuulidwa, kuumitsidwa ndi kuikidwa m'dzenje lomwelo. Wokhala ndi feteleza apatse mtengo waung'ono supuni zazikulu ziwiri za Compound D katatu m'dzinja, ndi wobala dzanja limodzi lodzaza katatunso, mozungulira pamene nthambi zilekeza.

Khofi wa m'cidebe

Wa nyumba ya lendi m'tauni ya Kafue, kapena msodzi amene khomo lace limira caka ndi caka, angathe kusunga mtengo umodzi m'cidebe ca malita 20, m'mbiya yong'aluka, kapena m'theka la dramu. Pansi paboolidwe mabowo ambiri, paikidwe timiyala, ndipo dothi likhale monga la m'kathumba. Malo ace ndi pakhonde la kum'mawa, polandira dzuwa la m'mamawa lokha. M'nyumba akhale pafupi ndi zenera lowala, kutali ndi mbaula. Athiriridwe pokhapo cala cikalowa m'dothi nicipeza pauma, ndipo madzi asatsale m'mbale ya pansi. Mtengo wotere ndi wokongola, wa masamba onyezimira, ndipo ukasamalidwa ubala zipatso zodzaza manja awiri kapena atatu. Arabica safuna mnzace kuti abale, pakuti duwa lace lidzipatsa lokha ufa wobereketsa.

Maluwa, kudulira ndi adani

Maluwa oyamba aoneka m'caka caciwiri kapena cacitatu. Ndi oyera, onunkhira kwambiri, ndipo akhala masiku awiri kapena atatu okha. Khofi amacita maluwa akamva ludzu kenaka nalandira madzi ambiri. Alimi othirira amagwiritsa nchito khalidwe limeneli: m'August kapena September acepetsa madzi masabata angapo kufikira masamba atayamba kulendewera, ndipo pamenepo athirira kwambiri. Patapita masiku ngati khumi mtengo wonse uyera. Pamulu kapena m'cidebe dothi liuma msanga, cotero ludzulo lisapitirire muyeso.

Apa pali ciyeso cimene cigonjetsa ambiri. Mtengo waung'ono ukagwira zipatso zambiri pa caka coyamba, mlimi ayenera kuthothola zambiri zikali zazing'ono. Khofi sadziwa kudziletsa: adyetsa zipatso ndi mphamvu ya masamba ndi mizu, kufikira nthambi ziuma kuyambira kunsonga. Mtengo wobala mopitirira pa ubwana ungathe kufa, kapena kukhala zaka ziwiri wosabala.

Mtengo ukafika pa msinkhu wa munthu udulidwe kunsonga. Mphukira zoongoka zoturuka patsinde zicotsedwe zikali zanthete. Ukakalamba nucepetsa kubala, patapita zaka 6 kapena 7 za zokolola, udulidwe mopendeka pa msinkhu wa bondo, ndipo pa mphukira zoturuka asiyepo ziwiri zamphamvu.

Mdani woopsa m'maiko ano ndi mphutsi yoyera yoboola tsinde. Mai wace ndi kacirombo ka nyanga zazitali kamene kaikira mazira pa khungwa, kufupi ndi nthaka, mvula itayamba. Mphutsi idya mozungulira pansi pa khungwa nilowa m'kati mwa mtengo. Cizindikiro ndico utuci patsinde ndi masamba acikasu. Mlimi apukute tsinde ndi ciguduli ca saka kapena citsononkho mvula isanayambe, kuti khungwa lisalale ndipo mazira asowe pobisala. Akapeza bowo alowetsemo sipoko ya njinga. Mtengo wogwidwa kwambiri uzulidwe ndi kutenthedwa.

Dzimbiri lioneka ngati ufa wacikasu kunsi kwa masamba. Matenda amenewa ndiwo anathetsa khofi wa ku Ceylon, dziko limene lero lichedwa Sri Lanka, kuyambira 1869, kufikira eni minda anatembenukira ku tiyi. Masamba odwala athyoledwe ndi kutenthedwa, ndipo mankhwala a kopa opopera athandiza akagwiritsidwa monga mwa malangizo a pa paketi. Nyerere zikaculuka pamtengo, ndiye kuti pali tizirombo tobiriwira tomata kumasamba, timene nyerere ziweta cifukwa ca madzi otsekemera. Madzi a sopo wocapira atsuka tizirombo timeneti.

Kucoka kumtengo kufika m'kapu

Zipatso zipsa patapita miyezi 7 kufikira 9 cicitire maluwa, ndiyo nyengo yozizira, ndipo sizipsa pamodzi. Wothyola abwere sabata ndi sabata, natenge zofiira zokhazokha, cimodzicimodzi, osapulula nthambi. Zipatso aziponye m'madzi, ndi kutaya zoyandama. Tsiku lomwelo azifinye kuti njere zituruke. Njerezo ziterera ngati therere, ndipo zisiyidwe m'ndowa yoyera usiku umodzi kapena uwiri, kufikira zitayamba kukhakhala m'manja ngati timiyala. Zikakhalitsa zinunkha, ndipo fungolo silicoka. Pamenepo zitsukidwe katatu, niziyanikidwe pa mphasa kapena pa sefa pathandala, osati pansi, ndiponso kutali ndi nsomba zoyanika ndi utsi wace, cifukwa khofi atenga fungo la ciri conse ciri pafupi. Zitembenuzidwe kawirikawiri ndi kulowetsedwa m'nyumba usiku. Patapita masabata awiri mlimi alume njere imodzi: ikalimba osalola dzino, yauma.

Njere zouma zisungidwe ndi makoko ace m'thumba loyera, ndipo mai asinje pang'ono mumtondo zokwana sabata imodzi kapena ziwiri, mopepuka monga akonola mpunga, napete m'licero. Akazinge m'ciwaya cocindikala kapena m'phale pa makala osayaka kwambiri, osathira mafuta, akutakasa kosaleka. Njere zisanduka zacikasu, kenaka zofiirira, ndipo patapita mphindi khumi kapena kuposa ziyamba kuthetheka. Zikathetheka, nizifika pa maonekedwe a nsinjiro zakupsa bwino kapena kuderapo pang'ono, aziphule msanga nazipete kuti zizizire, pakuti zikasiyidwa muulu zipitiriza kupsa. Zigone tsiku limodzi m'botolo lotseka. Posinja, mtondo ukhale wosanunkha nsomba kapena tsabola. Supuni yaikulu imodzi yodzaza ikwana kapu imodzi. Madzi aphulidwe pamoto atawira, ufa uthiridwemo, ubvundikiridwe mphindi zinai, ndipo ukhuthulidwe pa kansalu koyera.